Funsani Aphunzitsi: "Mwana wanga akuti Chichewa n'cha antchito"

Makalata atatu a mwezi uno achokera m'mizinda yosiyana koma onse akununkha nkhani imodzi, choncho ndawaphika mumphika umodzi. Amene munafunsa za penshoni mudikire mwezi wamawa.

Mayi aphunzitsi,

Ndine mayi wa ana awiri. Woyamba ndi wamkazi, ali ndi zaka 8. Chaka chatha tinam'chotsa kusukulu yaboma n'kumupititsa kusukulu ina yapulaiveti, ndipo fizi yake timachita kukongola kubanki m'khonde. Pasukulupo pali lamulo loti mwana akamveka akuyankhula Chichewa alipire K500, apo ayi asatuluke nthawi ya buleki. Koma m'kalasi mwake muli mapasa a mzungu wina wogwira ntchito kubungwe, ndipo iwowa amacheza m'Chifalansa tsiku lonse. Salipira. Mwana wanga akuti aphunzitsi amawayamikira kuti ndi anzeru, amadziwa ziyankhulo ziwiri.

Mwezi watha mayi anga anabwera kuchokera ku Dedza kudzaonana ndi dokotala. M'mawa anam'funsa mwanayo kuti wadzuka bwanji, iye n'kuyankha m'Chizungu. Atabwerezanso, anangotukula mapewa. Nditam'kokera kukhitchini anandiuza kuti Chichewa n'cha antchito. Mayi sananene kanthu, koma usiku tikudya anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi mwanayu ndi wathu ndithu?" Bambo ake akuti ndisadandaule, chimenechi ndiye tikulipirira. Ine tulo sindikupeza. Ndim'chotse pasukulupo?

*Mayi wa awiri, Area 25, Lilongwe*

Pepani mwana wanga, ndipo mukandiperekere moni kwa mayi anu. Funso lawolo si mwano. Munthu wamkulu akapatsa moni mdzukulu wake, moniwo n'kubwerera ngati wamenya khoma, amamva ngati wamwalira asanamwalire.

Ndisanaloze chala aphunzitsi a mwana wanuyo, ndiyambe ndaulula zanga. Ndinagwira choko zaka 33, ndipo pa zaka khumi zoyambirira ndinali mmodzi wa olanga ana chifukwa cha Chichewa. Pasukulu ina ku Ntcheu tinali ndi kathabwa, kachidutswa ka bokosi la sopo, komangidwa chingwe cha khonje. Mwana woyamba kumveka akuyankhula Chichewa m'mawa tinkam'koloweka kathabwako m'khosi. Kuti kam'choke ankayenera kutchera khutu, agwire mnzake, amukoloweke. Amene belu loweruka lam'peza nako ndiye ankagwira chibalo: kutchetcha bwalo la mpira kapena kukumba dzenje la zinyalala. Ife aphunzitsi tinkangokhala mustafu kumwa tiyi. Ana ankalondana okhaokha, ngati anyamata a Youth League ofunsa makadi pachipata cha msika.

Mukuganiza kuti Chizungu chinapsa? Ana anangotseka pakamwa. Nthawi ya buleki bwalo linkangoti zii, ngati pali maliro. Munali mnyamata wina mu Sitandade 6, bambo ake ankakhoma zidebe, amene anatha teremu yathunthu osakwezako dzanja. Ine m'kaundula wa mumtima mwanga ndinali nditamulemba kale kuti ndi mbuli. Loweruka lina ndinapita kuchigayo, ndipo ndinam'peza atanjuta pansi, kamtengo kali m'manja, akulongosolera anzake atatu samu yogawa imene ine ndinalephera kuwamvetsa sabata yonse. Ankalemba padothi, akufotokoza m'Chichewa, anzakewo akugwedeza mitu. Atandiona anaimirira n'kufufuta ndi phazi, nkhope ili gwa, ngati ndam'gwira akuba. Lolemba lake kathabwa kaja ndinakaponya m'chimbudzi. Ahedi tinakhala milungu iwiri osapatsana moni wabwino.

Tsono za mapasa a Chifalansawo, pamenepo ndi pamene nkhani yanu yadzivula yokha. Lamulolo likadakhala lofuna kuti ana azolowere Chizungu, Chifalansa chikadalipitsidwanso K500. Poti sichilipitsidwa, ndiye kuti chimene chikuphunzitsidwa ndi china: kuti pali ziyankhulo zonyaditsa ndi zochititsa manyazi, ndipo muyeso wake ndi khungu la eni chiyankhulocho. Mwana wa ku Mangochi amadzuka ndi Chiyao, n'kukasewera m'Chichewa, madzulo n'kukawerenga Chiarabu kumadrasa. Wa ku Karonga amatha Chinkhonde, Chitumbuka ndi Chichewa, ena n'kuwonjezapo Chiswahili cha kumalire. Ndani anawaimikapo paasembule kuti anzawo awaombere m'manja? Mwana wanu si wamwano ayi. Ndi wochenjera, wamva bwinobwino phunziro limene akupatsidwa.

Phunzirolo ndi lakale. Dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, koma sekondale yoyamba ya anthu akuda, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940. Zomba Catholic inatsatira mu 1942, ya Dedza mu 1951. Ana a azungu anali ndi sukulu zawo, amwenye ndi makaladi zawo, ife zathu. M'nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, maphunziro a ana a azungu ankayendetsedwa ndi boma la chitaganyalo ku Salisbury, pomwe athu anasiyidwa m'manja mwa boma la ku Zomba ndi mamishoni. Khomo lotulukira paumphawi linali limodzi, lopapatiza, ndipo mfungulo wake unali Chizungu. Wolowa pamenepo ankakhala kalaliki, mphunzitsi, kapena womasulira wa bwana DC. Agogo anga aamuna ankasimba zovula chipewa akakumana ndi mzungu pamsewu, ngakhale mzunguyo akhale kamnyamata kopanda ndevu. Zipewa tinaleka kuvula, koma lilime tikuvulabe pachipata cha sukulu, ndipo lero wotivula ndi mnzathu wakhungu ngati lathu lomweli.

Ufulu utabwera zinangosokonekera mwamtundu wina. A Kamuzu omwe anakweza Chichewa mu 1968, omwe ankadzudzula anthu pamsonkhano chifukwa chochiyankhula molakwika, iwo eni ankayankhula Chizungu, a John Msonthi kapena a John Tembo akumasulira. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, yophunzitsa Chilatini ndi Chigiriki, n'kuitanitsa aphunzitsi achizungu, poti kwa iwo Mmalawi sankayenera kugwira choko pamenepo. Ife tinkamva zimenezi pawailesi tili ndi masatifiketi athu m'masutikesi, n'kumaomba m'manja. Mukadakhala inu mukadatani?

Koma bambo a kunyumbawo musawaone ngati akulota. Akudziwa dziko limene akukhalamo. Mwana akhoze masamu, sayansi ndi zonse, akalephera Chizungu satifiketi ya MSCE sailandira. Ndinaona ana ambiri akubwerera kukagwira khasu chifukwa cha pepala limodzi lomweli. Munthu sangakhale phungu ngati satha kuyankhula ndi kuwerenga Chizungu mokwanira kutsata zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo. Zili m'malamulo oyendetsera dziko lino, gawo 51. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chizungu ngati chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti ziyambire mu Sitandade 1, ngakhale kumudzi aphunzitsi akupitirizabe kufotokoza m'chiyankhulo chimene ana akumva, nanga atani. Choncho mwana wanu Chizungu achidziwe, achithyole mpaka azungu eni ake adabwe. Pamene bambowo aphonya ndi poganiza kuti mutu wa mwana uli ngati chidebe, choti kuti muthiremo Chizungu muyambe mwakhuthula Chichewa. Madoda amene ndinawamva akuyankhula Chizungu chomveka bwino koposa m'moyo wanga anali ophunzira kumishoni, ku Livingstonia, ku Nkhoma, ku Blantyre. Onsewo a-e-i-o-u anayambira m'chiyankhulo cha kwawo, Chizungu n'kudzabwera pamwamba pa maziko ouma kale.

Musam'chotse msanga. Kusamutsasamutsa mwana kuli ndi mabala akenso, ndipo sukulu yotsatirayo mwina mukapeza lamulo lomwelo litangovala yunifolomu ina. Yambani mwapeza makolo anzanu awiri kapena atatu, poti mukapita nokha adzakutchulani mayi wovuta, n'kutherapo. Mukapemphe kuonana ndi ahedi. Musakakalipe. Mukapemphe kuti akuonetseni lamulolo polembedwa, kenako mukafunse mwaulemu ngati likukhudzanso Chifalansa, ndiponso kuti ma K500 aja amalembedwa m'buku liti. Mukatero mukhale chete, muwasiye ayankhe. Zikavuta mungathe kuwakumbutsa kuti gawo 26 la malamulo a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene wasankha, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho la khungu ndi la chiyankhulo lomwe. Chimene mukukapempha n'chaching'ono: m'kalasi ya Chizungu ayankhule Chizungu, koma pabwalo mwana aseke m'chiyankhulo chimene chamufikira, ndipo chindapusa chithe.

Tsopano ndikufunseni inuyo, ndipo musandikwiyire. Mawu oti "n'cha antchito" anawatola kusukulu kokha? Tamvetserani nyumba yanu sabata imodzi. M'makomo ambiri a m'tauni muno alendo olemekezeka timawalandira m'Chizungu, pafoni ya kuntchito Chizungu, pemphero la pachakudya Chizungu, ngakhale galu timamuitana m'Chizungu. Chichewa chimatuluka potuma mtsikana wantchito, poitana mlonda, ndi pokalipa. Mwana wa zaka 8 safunika kumuuza, amawerengera yekha. Ngati kwanu zili chonchi, yambani inu ndi bambo ake kucheza nkhani zokoma m'Chichewa iye akumva, za ndalama, za tchalitchi, za chibwenzi chanu chakale.

Ndipo akayamba kuyesa, musamuseke. Ili ndiye tchimo lathu lalikulu. Mwana akati "madzi yathera" nyumba yonse imagwa ndi phwete, azakhali n'kuitana aneba kuti adzamve kamzungu. Mzungu weniweni akangoti "muli bwanji" mokhotakhota timam'patsa nkhuku. Holide ikubwerayi m'tumizeni ku Dedza milungu iwiri, popanda inu womasulira. Akasewere phada ndi fulaye, akapemphe yekha mbatata yootcha. Agogo akewo muwapatse ntchito ya nthano ndi ndagi madzulo, ndipo muwauze kuti mwanayu ndi wawo ndithu, wangosochera pang'ono panjira ya kusukulu.

Mayi aphunzitsi,

Ndili ndi digiri ya uphunzitsi ya ku Chancellor College ndipo ndaphunzitsa Chizungu zaka 12. Pasukulu yapulaiveti imene ndikugwira panabwera mnyamata wachizungu, poyamba ngati wongodzipereka. Pepala la uphunzitsi alibe. Lero analembedwa ntchito, anapatsidwa nyumba, ndipo ndamva kuti malipiro ake amaposa anga katatu. Sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa pateremu, ndimamulembera ndine. Chondiwawa kwambiri n'choti makolo, Amalawi anzanga, amabwera kudzapempha kuti ana awo akhale m'kalasi mwake. Ndisiye ntchito?

*Mphunzitsi wokhumudwa, Blantyre*

Aphunzitsi anzanga, musasiye musanapeze kwina. Mkwiyo sugula ufa. Koma sikimu lekani kumulembera lero lomwe. Kumuthandiza mnzanu watsopano n'kwabwino, ndipo ngati akufuna kuphunzira mukhale naye pansi mumuonetse. Kumugwirira ntchito mwakachetechete ndiye kukuikani pamavuto, chifukwa akuluakulu akuona sikimu yabwino n'kumati mzungu uja ndi katswiri. Ngati akufuna kuti muzimuongolera, akulembereni kalata yokupatsani udindowo, ndi ndalama yake.

Mwati "ndamva". Kumva si umboni, ndipo nkhani za malipiro zimakula zikamayenda m'makonde. Fufuzani modekha. Olemba ntchito amakonda kunena kuti malipiro ndi ofanana, kusiyana kuli pa nyumba ndi tikiti ya ndege basi. Nthawi zina n'zoona. Nthawi zambiri ndi pobisalira. Lamulo la ntchito la 2000 limanena kuti ntchito yolemera mofanana ilipidwe mofanana, posayang'ana khungu kapena kumene munthu wachokera. Komanso mlendo amayenera kukhala ndi chilolezo chogwirira ntchito chochokera ku Immigration, ndipo cholinga cha chilolezocho n'kubweretsa luso limene likusowa kuno. Ngati mphunzitsi wa Chizungu wa digiri ndi zaka 12 akusowa m'Malawi, ndiye kuti ine sindidziwa kuwerenga. Lembani dandaulo lanu kwa oyang'anira sukulu, musunge kope. Likakanika pamenepo kuli ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo pamwamba pake pali khoti la Industrial Relations.

Mnyamatayo musamude. Mwina sadziwa n'komwe kuti inu mumalandira zingati, poti mwayi wobadwa nawo mwini wake sauona, monga munthu saona nkhongo yake. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma sanati tizimeta nako tisanakayese. Kubadwira m'chiyankhulo ndi kuchiphunzitsa ndi ntchito ziwiri. Ine Chichewa ndinayamwira, koma tsiku loyamba kuphunzitsa magulu a mayina ndinatuluka thukuta mpaka m'mawondo. Inu munachiphunzira Chizungu movutikira, mukudziwa pamene mwana wa kuno amapunthwa, mukudziwa chifukwa chake "l" ndi "r" zimam'sokonekera, ndi chifukwa chake amasakaniza "he" ndi "she" poti kwathu kuno onse ndi "iye".

Za makolowo ndilibe mankhwala. Akugula kamvekedwe ka m'mphuno, ndipo eni sukulu akudziwa kuti nkhope yoyera pachikwangwani imakweza fizi. Chimene mungachite n'kusunga zotsatira za mayeso za kalasi yanu chaka ndi chaka. Zidzakuthandizani pokambirana za malipiro, kapena pofunsira ntchito kwina.

Amama,

M'magazini yapitayi munalemba kuti mwana aziyamba sukulu m'chiyankhulo cha makolo ake, ndipo munadandaula kuti Chizungu chikupondereza Chichewa. Ndinaseka. Ine ndinayamba sukulu mu 1971 ku Rumphi. Kunyumba tinkayankhula Chitumbuka, koma buku loyamba limene anandipatsa linali la Chichewa, ndipo ndinakwapulidwa chifukwa cholephera kuliwerenga. Kwa ife mzungu woyamba anali inuyo. Bwanji zimenezi simuzilemba?

*Wopuma pantchito, Mzuzu*

Bambo, mwandigwira pakhosi, ndipo sindiphiriphitha.

Zimene mwanenazo zinachitikadi. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa 1968 ndi umene unasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa n'kuchikweza kuti chizigwiritsidwa ntchito limodzi ndi Chizungu. Chitumbuka, chimene chinali ndi mabuku ake, nyimbo zake za m'tchalitchi ndi malo ake pawailesi, chinachotsedwa m'sukulu ndi pa MBC, ndipo pawailesipo chinadzabwereranso mu 1994. Mu 1996 unduna unatulutsa chikalata choti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku a Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga okwanira sanafike m'makalasi, ndiye chikalatacho chinangogona m'mafayilo. Ine ndinalowa Sitandade 1 n'kupeza mphunzitsi akuyankhula ngati amayi anga. Mayeso a Chichewa ndinkalemba ngati ndikucheza pamtondo. Sindinadziwe kuti umenewo ndi mwayi. Ndinkayesa kuti ndine wanzeru chabe.

Chinanditsegula maso ndi 1989, pamene boma linalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ponamizira a kumpoto kuti akuphunzitsa ana a kuno mwaulesi dala. Khomo loyandikana ndi langa kunkakhala mayi wina wa kwanu komweko, amene tinkabwerekana mchere ndi makala kwa zaka 7. Ana ake anabadwira ku Ntcheu. Ndinamuthandiza kumanga mapoto m'chitenje, lole itaima panja, ndipo sindinanene liwu limodzi lotsutsa, ngakhale kunong'ona. Mantha analipo, inde, masiku amenewo makoma anali ndi makutu. Koma ndikadziunguza bwino, pansi pa manthawo panalinso kamtima koti izi sizikundikhudza. Kalasi yake ya Sitandade 8 inakhala miyezi iwiri yopanda mphunzitsi wa masamu.

Mayi ameneyo ankayankhula Chichewa chosalala kuposa changa, monganso kalata yanuyi, yomwe sindinapezemo pokonza ngakhale ndinaiwerenga ndi bolopeni yofiira m'manja. Ine pa zaka 7 zija ndinatolapo "monire" ndi "yewo" basi, ndipo sindinaone chachilendo.

Kalata yotsatira mulembe m'Chitumbuka. Ndakambirana kale ndi akonzi kuti idzatuluke momwemo, osamasulira. Ine ndidzapita nayo kwa mpongozi wanga wa ku Ekwendeni kuti akandiwerengere, ndipo yankho mudzalipeza patsamba lomwe lino, lothyokathyoka momwemo.